Ndimuuze Eliza asanachire?

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti kwathu kuno tili bwino. Mwana wanga Ignasio, wa zaka zisanu ndi ziwiri, wanenepa tsopano, ndipo mpira amausiya pokhapokha ndimukalipire. Kale sizinali choncho. Zithupsa zinkangosinthana malo, chibayo chaka ndi chaka, mabala osapola. Za kachilombo tinayezetsa mpaka anamwino kutizolowera, osapezeka kanthu. Kuchipatala chachikulu ku Lilongwe ndiko anatiuza kuti anabadwa ndi chitetezo cha m'thupi choperewera. Adokotala anati, "Matendawa amayenda m'magazi a kuchikazi. Mayi sadwala, koma amatha kupatsira mwana wamwamuna." Pano amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo tikamapuntha mpunga ku Bwanje sitimulola kugubuduka pa mapesi owola. Basi, moyo ukukoma.

Chandilembetsa ndi mng'ono wanga Eliza, amene ali ndi pathupi poyamba. Adokotala aja anandilangizanso kuti abale anga aakazi akadzakhala oyembekezera adzanene kusikelo, chifukwa pali katemera wina wa pobadwa amene angavute mwana wotere. Nditawauza mayi, anandigwira pakamwa. "Iwe, mimba sailankhulira zoipa! Chisamba sichinachitike n'komwe. Ukufuna mkamwini athawe, azikanena kuti mtundu wathu ndi wodwaladwala?" Mayiwo alongo awo awiri anamwalira ali aang'ono ndi zithupsa zomwezi, ndipo mudzi wonse unkanena kuti agogo anawatsempha.

Eliza akungosekerera, mwamuna wake Chakufwa akumutungira ndi madzi omwe. Ndikawaona mtima umandiwawa. Ndiwasokonezere mtendere wawo, kapena ndikhale chete monga akufunira mayi?

F.M., Golomoti

Mayi F.M.,

Muuzeni Eliza, ndipo musadikire chisamba. Anamkungwi ali ndi mwambo wawo wabwino, koma tsiku lochira silifunsa ngati asonkhana kale. Amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chokha mwamwayi chakuimbirani, ndiye musatseke makutu.

Mayi anu musawatenge ngati mdani. Munthu amene anaika alongo ake awiri ali ndi chifukwa choopera. Khalani nawonso pansi, muwaloze Ignasio akuthamanga pabwalo, muwafunse chimene chamusiyanitsa ndi alongo awo aja. Akalola, mupitire limodzi kwa Eliza. Akakana, pitani nokha mwaulemu, adzakukhululukirani atanyamula mdzukulu.

Kwa Eliza musayambe ndi maliro, yambani ndi Ignasio yemwe akumudziwa bwino. Mumuuze zoona zonse: mwina iye alibe n'komwe vutoli m'magazi mwake, ndipo ngakhale atakhala nalo, si mwana wamwamuna aliyense amene amalitenga. Mukatero mumuperekeze kusikelo, mukafotokoze mbiri ya Ignasio ndi ya amalume anu, kuti azachipatala akonzekere mwana asanabadwe. Akachirire kuchipatala, osati panjira ya ku Mua pa kabaza.

Za mkamwini zisakusowetseni tulo. Amve kwa mkazi wake, ndipo ngati n'kotheka apite nawo kusikelo akadzifunsire yekha. Mwamuna wosenza ndowa mudzi wonse ukumuseka sathawa ndi nkhani ya mapiritsi. Chimene chingamukwiyitse ndi kudzamva mwana atadwala kuti nonse munkadziwa.

Koma chenjerani pawiri. Musakalengeze pachitsime kuti katemera ndi woipa. Ndi amene wasunga ana a mudzi wanuwo, ndipo wonena kuti uyu abayidwe, uyu adikire ndi dokotala yekha. Komanso Ignasio asasiye mankhwala chifukwa choti wanenepa.

Agogo anu anapita kumanda atasenza mlandu wa tsempho pa matenda amene sankawadziwa ndi dzina lomwe. Iwo analibe wowauza. Eliza ali ndi inu.

Aphungu