Njerwa Zikudikira Moto

Lolemba, 11 Novembala

Kutentha. Osati kouma kuja kwa mu Okutobala kong'amba milomo. Uku n'konyowa. Thukuta kutuluka koma osauma, bulauzi kumamatira kumsana kuyambira pa asembule. Mchere m'botolo wagwirana. Ndinawafotokozera a Sitandade 7 kuti mchere umamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo ukayamba kutero ndiye kuti m'mwambamu madzi achuluka, angotsala kugwa. Analemba bwinobwino. Ine mtima uli ku uvuni.

Ndinadzerako poweruka. Uli chiimire pamalo amene anandisiyira malemu amayi, kuseri kwa mango. Womata bwino, makomo ake ali yasa, zipika za bulugama zili pambali. Chosowa ndi moto basi.

Njerwa zonsezo anaumba okha amuna anga a Elifala, bambo a Abigail, chilimwe chonse, msana uli pamtunda. Atangomaliza kumata, foni yochokera kwawo ku Ntchisi: mayi awo agwa, mbali imodzi yafa ziwalo. Ananyamuka matope ali m'zikhadabo. Ali pa kabaza kale anatembenuka: "Musayatse, Nabanda. Umenewu ndiyatsa ndekha." Seputembala anali asanathe.

Njerwa yosaotcha ndi dothi basi. Mvula ikaipeza imabwerera kumene inachokera.

Lachiwiri, 12 Novembala

A zanyengo pa wailesi: kutentha kupitirira, mvula ya mabingu apo ndi apo m'madera okwera a chigawo chapakati. Apo ndi apo. Kwathu kuno ku Chezi kuli pa apo uti?

Kunabwera achimwene a Vinsenti, chipewa akudzikupizira. Akuti ali ndi anyamata awo okonzeka, Lachinayi akhoza kuyatsa. "Mlongo, mitambo sidziwa kuti alamu ali ku matenda." Ndinangowapatsa thobwa.

Sakulakwa. Koma iwo ndi amene anayambitsa. Kuno mkamwini amadziwika ndi nyumba imene wamanga kwawo kwa mkazi. A Elifala zaka zonsezi akhala akunditsatira m'nyumba za sukulu, uku ndasamutsidwa, uku ndasamutsidwanso, iwo kulima timinda tobwereka osadandaula. Pa maliro, pa ukwati, achimwene mawu ndi amodzimodzi: "Nawo alamu athu, mkamwini wa m'nyumba ya boma." Anthu kuseka. Iwonso kuseka. Pofika kunyumba osadya.

Tsono achimwene akayatsa uvuniwu, mudzi udzati nyumba ya Nabanda anamuotchera ndi mlongo wake. Thukuta lonse lija lidzaiwalika. Anthu amakumbukira amene anaoneka pa utsi.

Potuluka anaona chikombole chili pa msomali pakhonde. Akuchifuna, akuti aumbe zokonzera khola mvula ikadzatha. Ndinakana. Matabwa ake anasalala pogwirira, malo a zala za mwini wake akuoneka.

Lachitatu, 13 Novembala

Foni osalowa. Kwawoko netiweki imapezeka pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo munthu wodwazika matenda sakhalira kukwera zulu.

Nyenje kulira tsiku lonse mpaka m'mutu kuwawa. Ana kusinza m'kalasi, malata akuthetheka pamwamba pathu. Ndinawatulutsa pansi pa mtengo, ndinawaonetsa mitambo ikukwera kumpoto ngati thonje lounjika. Ndinati mpweya wotentha umakwera ndi chinyezi chake, kumwamba ukazizira n'kusanduka timadontho, ndipo mtambo ukatalika mpaka mutu wake kuphwatalala, umenewo ndiye wa mabingu. Anafunsa kuti uli pati. Ndinati pa phiri la Ntchisi. Sindinawauze kuti phirilo ndimaliyang'ana ngakhale kulibe mtambo.

Madzulo ziphaliwali komweko, zopanda mawu. Kutali kwambiri.

Ndaphikanso ndiwo za anthu awiri. Abigail ali kusukulu yogonera, amene ndikumuphikira ndani? Nthawi ngati ino a Elifala amakhala pakhonde, wailesi pa bondo, kutsutsana ndi a zanyengo. "Amenewa ali mu ofesi, Nabanda. Funsani bondo langali." Bondolo silinanamepo.

Lachinayi, 14 Novembala

Ku Chigwirizano tinapempherera mvula. Amayi onse mbewu zili m'manja, mizere yatha, akungodikira. Ine ndinatseka maso n'kupempha kuti ichedweko. Mulungu andikhululukire, pakati pa amayi onse aja ndinali ndekha wokokera kwina.

Foni inalowa masana. Anayankha ndi mlamu wanga Margareta, mlongo wawo. Apongozi akadali chimodzimodzi, kumeza movutika, ndipo amene amatha kuwanyamula ndi kuwatembenuza ndi a Elifala okha. Ndinafunsa kuti ali kuti. Kumunda, akuunga mizere. "Munda wakumtunda uja amalume awapatsa. Ali kwawo, alamu, musade nkhawa. Mpaka anenepa."

Ananena mokoma. Mwina analibe nazo kanthu.

Koma ine ndine mwana wa mlimi. Wounga mizere amadzala. Wodzala amapalira, amabandira, amadikira kukolola. Ndiye kuti Meyi. Ndipo munthu amene wakhala moyo wake wonse m'minda yobwereka, lero apatsidwe wakewake, kwawo, kumene palibe womutcha mkamwini wa m'nyumba ya boma?

Sindinawauzepo za mitambo ya kuno. Ndimati ndisawaike posankha pakati pa mayi awo ndi dothi. Lero ndaona kuti pali china. Ndikuopa yankho. Akadzangoti "auzeni achimwene anu ayatse," mopepuka, ngati za mbuzi yothawa, ndidzadziwa kuti mtima wawo unasamuka.

Mutu. Panado. Madzi a mumtsuko ngati ofunditsa.

Lachisanu, 15 Novembala

Bingu loyamba, tili pakati pa masamu. Ana kukuwa mokondwa. Kamvuluvulu anadutsa pabwalo n'kunyamula mapepala, kenako mphepo inatembenuka, yozizira, ya fungo la dothi lonyowa. Ndinasiyira kalasi aphunzitsi anzanga, ndinathamanga. Mayi wamkulu ngati ine, nsapato m'manja.

Madontho akuluakulu, owerengeka, kenako zii. Yangodutsa. Koma pamwamba pa uvuni matope omata aja aboola timaenje ngati nthomba, ndipo pangodya ina pagumuka, njerwa zaonekera. Ndinakhudza imodzi. Yofewa m'mphepete. Ndinafunditsa pepala lakuda lija tinkayanikira chimanga, mphepo inaling'amba ndikuona.

Achimwene anandipeza pomwepo. Sananyoze. Anangoti, "Yamawa kapena yamkuja siidzakhala yongolawa." A zanyengo nawonso asiya apo ndi apo, akuti madera ambiri.

Ndinaimba mpaka inalowa. Mawu a Elifala, Ambuye. Otopa, okhuthala, omwe aja. Ndinayamba ndi za odwala monga mwa ulemu, kenako ndinanena zonse: madontho, ngodya, achimwene ndi anyamata awo. Ndinafotokoza motalika ngati ndili m'kalasi, poopa kuti ndikasiya ayankha. Ndinasiya. Ndimamva mphepo ya pachulu ndi mbuzi ikulira. Kenako foni inaduka.

Kaya ndi netiweki. Kaya ndi iwo.

Loweruka, 16 Novembala

Anaimba okha m'mawa, ndikusesa. Sangabwere. Apongozi anatsamwa dzulo, sangawasiye. Ndinagwira tsache mwamphamvu kudikira mawu aja.

"Achimwene anu asonkhezere, ali ndi mphamvu. Koma machesi mugwire ndinu, Nabanda. Ndipo musadule foni."

Ndinapita choncho, foni kukhutu, machesi m'chitenje. Amuna atasonkhana kale. Achimwene kuona ndikugwada pa khomo la uvuni: "Mkazi kuyatsa uvuni? Zinayamba liti?" Ndinakweza mawu a foni. A Elifala ali pachulu ku Ntchisi anafunsa kumene mphepo ikuchokera. Ndinawaza fumbi, ndinati kum'mawa. Anati ndiyambe makomo a kum'mawa komweko kuti mphepo ikankhire moto m'kati, ndi tinkhuni ting'onoting'ono, osati zipika. Moto waukulu pa njerwa yachinyezi umaiphulitsa. Utsi woyera uyambe watha, umenewo ndi madzi akutuluka, ndiye zipika zilowe.

Ndakhala ndikuphunzitsa za nthunzi zaka zonsezi. Lero ndaiona ikutuluka m'dothi la amuna anga, yoyera ngati mtambo.

Machesi woyamba anazima. Wachiwiri anagwira. Ndinati wayaka. Anati, "Ndamva." Sindikudziwa chimene anamva, moto unali usanayambe kulira.

Achimwene anavula chipewa n'kukuwira pa foni: "Alamu, mwayatsa muli ku Ntchisi! Ufiti wake ndi umenewu!" Amuna onse kuseka. Kuseka kwina, osati kuja kwa pamaliro. Mmodzi ndinamumva akuuza wodutsa kuti uwu ndi uvuni wa a Elifala.

Mayunitsi anatha tisanatsazikane. Za munda wakumtunda sindinafunse. Za kubwera sananene.

Kumwamba kwada kumpoto konse. Kutentha kwa dzuwa, kutentha kwa uvuni, nkhope ngati yasupuka. Achimwene agwira ntchito ngati ndi yawo, malaya ali chonyowa. Madzulo anakumbutsa za chikombole. Ndinalibe mphamvu yokana. Ndinaganizanso kuti mwini wake ali ndi munda tsopano, adzachifuniranji. Ndinachichotsa pa msomali ndekha.

Lolemba, 18 Novembala

Dzulo sindinalembe, sindinapitenso ku tchalitchi. Moto sudziwa Sabata. A Chigwirizano andifunsa Lachinayi, ndidzayankha.

Tinatseka makomo ndi matope dzulo masana, pamwamba patafiira. Mitambo inazungulira tsiku lonse, kugunda, kuopseza, osagwa. Yagwa lero tikuweruka. Yeniyeni. Matalala pang'ono poyamba, kenako madzi okhaokha, msewu wa kusukulu kusanduka mtsinje. Nyumba ya boma ikudontha malo ake akale, mabeseni ndatchera. Kunja amayi kululutira, mawa aliyense kumunda.

Ndinapita kukaona itachepako. Uvuni wonse ukufuka nthunzi, ukulira ngati chiwaya. Zapamwamba zina zang'aluka, n'zosakayikitsa, madzi ozizira pa njerwa yamoto. Koma waima. Pangodya pogumuka paja ndinatokosa ndi kamtengo. Yofiira. Yolimba.

Mpweya wapepuka. Koyamba sabata yonseyi thukuta lauma.

Aimba posachedwapa, ali pachulu ndi ambulera ya Margareta, kumenekonso ikugwa. Apongozi ameza phala pang'ono. Ndinawauza za nthunzi, za zong'aluka, za yofiira ija. Anati tisafumule msanga, uzizire wokha. Kenako:

"Chikombole changa chili pati?"

Ndinati pakhonde.

"Chilowetseni m'nyumba, chingafufume ndi mvulayi. Ndipo musabwereketse aliyense, ngakhale achimwene anu. Za khitchini sitinaumbe."

Sitinaumbe. Khitchini ndinali nditaiwala n'komwe. Iwo ayi.

Tsiku sanatchule, ndipo sindinafunse. Pa msomali palibe kanthu. Kwa achimwene n'kutsidya kwa dambo, madzi ayenera kuti afika m'mawondo, ndipo ndikuwadziwa, achisiya panja pa khola. Mvula yayambiranso. Nsapato zanga za mphira ndinaziika kuti?