Zala Zinayi pa Phewa la Achimwene

Makwasa, Thyolo
12 Ogasiti 1934

Okondedwa achimwene a Blackson,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Bulawayo kumeneko. Kuno tiliko, Mulungu akutisunga. Alamu anu ali bwino, ndipo ana anu awiri aja akula moti mutakumana nawo pamsewu mukhoza kuwafunsa kuti ndi a kwa yani.

Kalata yanu tinailandira Lachiwiri. Nditi kalata? Mizere itatu ndi chithunzi. Zaka zisanu ndi ziwiri muli zii, lero mwatitumizira jekete, tayi, chipewa, ndi nkhope yanu pakati pake. Zikomo kwambiri, bwana.

Kapena mumayesa kuti ife a kumudzi sitidziwa mmene zithunzi zimapangidwira. Timadziwa, achimwene. Dzinja lapitali kunabwera mzungu wina, mlendo wa bwana wa pa esiteti, ndi chibokosi cha miyendo itatu. Kapitawo anasankha akazi khumi. Ine ndinalipo, ndi mkazi wanu Idah analipo. Anativeka nsalu zatsopano, natiimika pamene tiyi wabiriwira bwino, madengu kumsana odzaza ndi masamba othyola ena. Mayi wina wa chilonda pamwendo anamubisa kuseri kwa chitsamba. Mzunguyo anazika mutu m'nsalu yakuda ngati nkhuku ya chitopa, kumangokoka chibokosicho uku ndi uku. Kenaka analowetsamo galasi, kapitawo n'kutiuza kuti tisekerere, tisaphethire, mpaka bwana atawerenga kasanu. Atatha, anatolera nsalu zawo, ife n'kubwerera m'masanza athu. Ndamva kuti ku Ulaya amatiyang'ana n'kumati anthu a ku Thyolo amathyola tiyi akuseka.

Ndiye ine chithunzi sichindipusitsa. Jekete lanulo manja ake afika kuzala, si lanu. Chinyumba chosanja chili kumbuyo kwanucho n'chojambula pansalu, mpaka makwinya akuoneka pakona. Alamu anu akuti ndi jekete lomwe lija anavala a Douglas, a m'mudzi muno amene muli nawo kumeneko, m'chithunzi chawo chaka chatha, poti batani losowa ndi lomwelo. Pamenepo tinaseka ndithu.

Idah sanaseke. Anatuluka nacho chithunzi padzuwa, nachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandiitana n'kundilozera paphewa lanu lamanzere. Zala zinayi, achimwene. Za mkazi. Mbali imeneyo mwaidula ndi sizasi, mokhotakhota ngati wadula ndi mwana. Munthu wa m'tauni, wovala tayi, kukanika ndi kubisa komwe! Idah anangondifunsa ngati akazi a kumeneko amagwirako khasu, poti zalazo n'zosalala. Misozi ayi. Anandibwezera chithunzicho napita kukatunga madzi.

Tsopano ndiulule zanga. Amene wakhala akumumanga Idah zaka zonsezi ndine. Amalume ake anabwera katatu kuti athetse ukwati, ine n'kumawagwadira kuti achimwene ali m'njira, akudwala, ntchito yawapanikiza. Kawiri konse ndinamunamiza kuti mwalemba. Poti sadziwa kuwerenga, ndinatenga pepala la nyimbo za kutchalitchi n'kumamuwerengera mawu achikondi opeka ndekha, amene pakamwa panu sipanatulukepo. Pepala limenelo analisunga m'kathumba pachifuwa. Mulungu andikhululukire.

Lachisanu ndinamuuza zonse. Anandiyang'ana nati, mlamu, bola mukanandimenya. Ndinamuuzanso kuti a Yesaya, akalipentala a ku Luchenza amene akazi awo anamwalira, akabweranso kudzafunsira, ine sindiimanso pakhomo. Pempho langa ndi limodzi: lembani mawu omumasula, ankhoswe amve. Mizere itatu mumaitha, ndaona.

Nafenso takutumizirani chithunzi. Musayembekeze cha galasi. Aphunzitsi a Elson a pasukulu pathu pano ali ndi chitini cha bisiketi chimene anachipaka mwaye mkati n'kuboola kabowo ndi singano. Pepala lake amawapatsa ndi adokotala a kumishoni, ndipo amakalitsuka komweko m'mankhwala, m'chipinda chamdima. Ine ndinkawaseka, munthu wamkulu kumazungulira mudzi atakumbatira chitini. Koma chawocho sichibwereka munthu jekete.

Anachikhazika pamtondo, pabwalo. Anati kabowoko kamamwa kuwala pang'onopang'ono, ndiye tikhale duu mpaka iwo atamaliza kuimba nyimbo ya mavesi anayi, chifukwa chilichonse choyenda sichigwidwa. Tinakhala tonse pakhonde. Vesi loyamba lisanathe, mbuzi inalowa m'dimba, ana anu n'kuithamangira. Wanga wamng'ono analira, ndinanyamuka. Idah anapirira mpaka vesi lachitatu, kenaka anati iye alibe chifukwa chokhalira chete kuti inu mumuone, nachoka. Pamene tinali ife mungoona kautsi.

Atuluka bwino ndi amayi athu okha. Musadabwe. Anagwa m'munda mwezi wa Meyi, ndipo mbali yonse yakumanja inafa. Sayenda, lilime linalemera, pomwe tawakhazika ndi pomwepo mpaka wina adzawanyamule. Amawasambitsa ndi kuwadyetsa ndi Idah yemweyo, amene si mwana wawo. Aphunzitsi akuti chiyambire sanajambulepo munthu wotuluka bwino chotere, makwinya onse, ndi mphini zapamphumi zimene anabwera nazo kuchokera ku dziko la Apwitikizi. Nditaona pepalalo ndinasiya kuwaseka.

Adokotala akuti mvula ikubwerayi mwina amayi saiona. Ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anayesa katatu, pakamwa panakana, kenaka anagwira chithunzi chawocho ndi dzanja lamoyolo n'kuchikankhira kwa ine. Ndiye mawu awo ndi amenewo. Sitima imaimabe pa Luchenza, ndipo njira yobwera kuno ndi yomwe ija. Ngati mwaiiwala mufunse, aliyense akulozerani.

Mupereke moni kwa amalume a Gideoni ndi onse akwathu amene muli nawo kumeneko. Ambuye akusungeni, akupatseninso manyazi pang'ono, nthawi ikadalipo.

Ndine mlongo wanu,
Lestina