Keke Yopanda Shuga

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Abambo akunyumba awapeza ndi matenda a shuga. Adokotala akuti zotsekemera basi, aiwale. Nanga keke yanga ya shuga wabulauni, yofewa m'kati, yakuda pang'ono m'mbali? Ndi imene ndinawakola nayo tili pachibwenzi. Okha amanena pagulu: "Ndinafunsira keke, mkazi ndinangomupezamo." Lero uvuni zii. Ambuye, muwasunge.

Loweruka, 8 Febuluwale

Mng'ono wanga wabwera kudzakhala nafe podikira ntchito. Anaphunzira zophikaphika. Asanamasule n'chikwama chomwe, ali m'khitchini mwanga. Nthochi zakupsa kwambiri, zoti ine ndikanataya, waziponderaponda. Sinamoni, mazira, kasupuni ka uchi. Shuga ayi. Abambo adya, anyambita zala. "Alamu, mwandiukitsa kwa akufa!" Ine ndinaseka nawo. Kuseka kwa mano okha.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Ulaliki wa Kaini ndi Abele. Ndinakhala wozyolika mpaka ameni. Abusa anawauza ndani za ine?
Pobwerera abambo anaimitsa amayi a kwaya pageti n'kumatama keke ya alamu awo. Zaka zonsezi ndapsa zala m'nyumba muno, pageti sanaimitsepo munthu chifukwa cha ine. Mwanayu ndinamubereka kumsana ine ndemwe. Palibe chimene wandilakwira. Chondipweteka n'chomwecho.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Ndayesa yanga. Nthochi, timapiritsi totsekemera ta ku famase. Yatuluka ngati njerwa, kukamwa kowawira. Abambo analuma kamodzi: "Mayi, mwayesetsa." Kuyesetsa! Mawu ouza mwana wolephera mayeso. Mng'ono wanga akuti, "Achemwali, bwerani tiphikire limodzi." Ndinayankha kuti mutu ukundipweteka. Bodza loyamba.

Loweruka, 1 Malichi

Ndachita chinthu. Onse atachoka ndinathira shuga wabulauni, kapu yodzaza, ndi nthochi pang'ono zophimbira. Mumtima ndimati wabulauni si woyera, mwina sapweteka kwambiri. Ndikudziwa kuti shuga ndi shuga, sayansi ndinakhoza kusukulu.
Patebulo ndinati ndi nthochi zokha. Anadya, n'kuwonjezera, n'kuwonjezeranso. Anandigwira dzanja pamaso pa mlamu wawo. "Mkazi wanga wabwerera." Mulungu andikhululukire, ndinakondwa. Ndinakondwa mpaka m'mafupa.

Lolemba, 3 Malichi

Abambo sali bwino: ludzu losatha, maso achizirezire, kupita kokataya madzi kosalekeza. Kamakina koyezera kanaonetsa nambala yoti sindikufuna kuilemba. Ku chipatala anesi anafunsa zimene akudya. Abambo anati keke za alamu zimakhala ndi uchi. "Uchi ndi shuganso, bambo," anatero anesi. Ine ndili pompo, chikwama pamiyendo, kukamwa tseke.

Lachisanu, 7 Malichi

Apezako bwino, ndathokoza. Koma alamu awo sakusekanso nawo. Mng'ono wanga analira kubafa, madzi akutuluka pampopi kuti tisamve. Akuti apita kwa azakhali Lolemba, asaphe munthu m'nyumba ya eni. Ndinamuthandiza kupinda zovala. Manja anga omwewa.
Khitchini yabwerera kwa ine. Si zimene ndimafuna kodi? Pemphero likukanika, ndikafika pa "mutikhululukire" lilime limalemera.

Lamulungu, 9 Malichi

Mgonero sindinadye. Amayi a kwaya anandiyang'ana, ndinaloza pamimba.
Masana abambo abwera ndi nkhani, nkhope ili ngwee. Anzawo odwala shuga amene amakumana nawo ku chipatala Lachitatu awauza za keke ya mkazi wawo, yopanda shuga koma yokoma ngati yakale. Onse akuifuna. Pali agogo ena obaya jakisoni tsiku lililonse, akuti sanalawe keke chichokere amuna awo. "Muphike yaikulu, mayi, akaone kuti ine ndinakwatira." Kunditama kumene ndimalirira, ndi uku.
Mng'ono wanga anali pakhomo ndi chikwama chake chomangamanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achemwali, agogowo muwaphikire ndi nthochi zenizeni." Basi, n'kulowa kuchipinda.
Abambo akundiitana, akufunsa ngati mazira akwana kapena akagule. Ambuye, ndipatseni pakamwa. Ndikawauza asanavale nsapato. Ndiyamba kuti, abambo, khalani pansi, mlamu wanu sanalakwe, keke ija...