Ndawapitirira Agogo Ako ndi Mitu Khumi ndi Itatu

Wokondedwa Tsvetelina,

Amene akulemba kalatayi si munthu wamba. Ndi Stoimen Bakalov, katswiri wa zakuthambo m'mudzi muno, yemwe sukulu adalekezera kalasi yachinayi koma wafika kunyenyezi zisanu osadzuka pampando. Uwerenge utaimirira.

Uli bwanji ku Leipzig? Chifuwa chija chinatha? Ine ndili bwino, kupatula mawondo omwe sakumvanabe ndi masitepe. Agogo ako a Nedyalka opaleshoni ya m'chiuno inayenda bwino. Atuluka m'chipatala ku Plovdiv Lachisanu la sabata yamawa. Ayamba kale kukalipira manesi, ndiye kuti achira.

Nkhani ndi ya buku lija unatiikira m'foni, limene bambo wina amatiwerengera maola makumi anayi. Tinkamvera masana aliwonse tikusenda tsabola wowotcha woika m'mabotolo. Poyamba agogo ako ankati ndi bodza lokhalokha, chombo cham'mlengalenga chingayende bwanji zaka mazana atatu anthu ali mtulo, nanga zofunda amachapa ndani. Koma atamva za mayi woyendetsa chombo uja, amene amadzuka yekha kuyang'anira anzake ogonawo, basi mtima unagwa. Amamutcha mwana wawo. Ine ndikatsokomola nkhani ili mkati amandigenda ndi khoko la tsabola.

Tsiku lopita kuchipatala anandigwira khutu n'kundiuza kuti, nkhalamba inu, mukangomvera nokha ngakhale mzere umodzi, ndikabwera mudzagona ndi mbuzi. Ndinalumbira. Tinalekezera pamutu 31.

Tsono Lolemba mphaka anakwera patebulo n'kuponda foni, buku n'kuyamba lokha. Ine manja anali ndi mafuta, sindikanatha kuzimitsa. Mafutawo anakhala m'manja masiku atatu. Pano ndili pamutu 44.

Tsveta, mayi uja amafa. Pamutu 40 amatuluka kukatseka chibowo kunja kwa chombo, chingwe n'kuduka. Amatsanzika ogona aja mmodzimmodzi, powatchula mayina, mpaka mpweya kumuthera. Ndinalira pamaso pa mphaka.

Ndiye ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, undiuze podina kuti bamboyu abwerere pa 31. Ndinayesa ndekha, pano akuwerenga mothamanga ngati wansembe wanjala. Ndinakafunsa a Dimcho a tsidya la msewu, iwo akuti ndingoiponya m'chitsime ndidzanene kuti inapulumuka m'manja. Nzeru za munthu amene sanakwatirepo. Foniyo ndikuopa kuikhudzanso, n'chifukwa chake ndalemba kalata. Ukangoilandira uimbe kwa a Dimchowo, andiitana.

Chachiwiri ndiye chovuta. Agogo ako akhala akuwerenga nkhope yangayi zaka makumi asanu ndi ziwiri, sanaphonyepo. Mayiyo akadzangogwira chingwe, maso anga adzaulula zonse. Komanso munthu wongochoka kuchipatala, woyendera ndodo, sindikufuna amve mwana wakeyo akufa. Kodi foniyi ingadumphe mutu umodzi osadziwika? Kapena ndingowasiya alire, ine ndiwagwire dzanja ngati sindikudziwa kanthu? Undiuze, wophunzira ndiwe.

Mulungu akusunge, mdzukulu wanga. Upereke moni kwa amuna ako a Radoslav, uwauze kuti ndevu zija amete, ndiponso kwa kamwanako.

Ndine agogo ako,
Stoimen

Za mphaka zija ndanama, sanaponde kanthu. Ndinadina ndekha ndi chala ichi. Masana aja m'nyumba munali zii, mpando wa agogo ako wopanda munthu, ine n'kuyamba kuganiza kuti mwina sabwerako. Mawu a bambo wowerengayo ndi amene anandikhazika pansi. Izi usawauze. Akakufunsa, iwe uziti ndi mphaka.