Dizilo Amene Ba Luckson Sanabe

Mpanshya, Rufunsa
18 Ogasiti 2025

Okondedwa alongo anga Ba Lewis,

Muli bwanji kumeneko ku Solwezi, pamodzi ndi alamu anga Ba Charity ndi ana? Ife kuno tilipo. Amayi mwendo uja ukuwavutabe m'mawa, koma akuyenda. Chimanga tatonola, chakwana matumba 41.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ili ndi manambala, ndipo pafoni mumafulumira. Ndi nkhani ya vaneti yanu, galimoto yonyamula katundu ija, ndi amene ankaiyendetsa, alamu athu Ba Luckson, amuna a mng'ono wanga Regina.

Mukumbukira kuti munandipatsa buku lolembamo dizilo. Kale ulendo wa ku Chongwe, kupita ndi kubwera, unkadya malita 28. Kuyambira pa 4 Marichi unayamba kudya 37. Pofika pa 17 Juni maulendo anali 14, malita osowa 126. Ndinawerenga katatu ndisanakutumizireni. Ndinakuuzaninso kuti malaya a Ba Luckson amanunkha dizilo masiku onse, ndiponso kuti m'vaneti simusowa zigubu ziwiri.

Pa 21 Juni banja linakhala pansi pakhonde la amayi. Inu munalankhula pafoni, Regina ataikweza m'mwamba kuti onse amve. Munati dizilo alibe miyendo. Ba Luckson anangoti sanatenge kanthu, naika kiyi pampando. Sabata yomweyo anapita kwawo ku Shikabeta. Regina anatsala kuno ndi ana atatu, osadziwa mbali yoti aime.

Vaneti anaitenga msuweni wathu Fredrick. Ulendo wake woyamba unadya malita 38, wachiwiri 38, wachitatu 39. Wachitatuwo ndinakwera nawo, ndipo maso anga sanachoke pa thanki. Sindinakuuzeni. Ndinkayembekeza kuti nambala itsika yokha.

Sinatsike. Vaneti inayamba kuvuta kulira m'mawa, ikalira n'kumatulutsa utsi woyera. Pa 9 Ogasiti tinaima pa Chinyunyu kwa makanika Ba Alexander, amene amagwirira ntchito m'mbali mwa msewu.

Atatsegula boneti anaseka. Anati galimoto yathu imamwa ngati munthu wa pamaliro, theka kukhosi, theka pachibwano. Mbali yonse ya injini inali matope akuda a fumbi ndi dizilo.

Anapukuta ndi nsanza mpaka pauma, kenako anapempha ufa. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi anatipatsa wodzaza dzanja. Ba Alexander anauwaza pamwamba pa ma injekita onse anayi, timipope tija timene timalavulira dizilo mu injini, ndipo Fredrick analiza galimoto. Ndinayang'ana wotchi. Pa mphindi zinayi ufa unanyowa pa injekita yachitatu. Kapaipi ka labala kobweza dizilo wotsala ku thanki kanali kong'aluka. Patsinde pa yachiwiri ufa unkauluka wokha, chifukwa washa wa mkuwa anali atatha ndipo mpweya unkatuluka.

Kenako anamasula nati ya paipi imodziimodzi, injini ikulira. Akamasula, injini inkatsimphina. Pa yachinayi sinasinthe mawu. Anati imeneyo siikugwira ntchito, ikungodontha m'kati. Anasolola kachitsulo koyezera oilo n'kundinunkhitsa. Oilo anali atapitirira mzere, wamadzimadzi, wonunkha dizilo. Ine m'buku ndinali nditalemba kawiri kuti oilo sakutha, ndipo ndinkakondwera nazo.

Ndinafunsa kuti bwanji palibe anaona zimenezi miyezi inayi yonse. Anayankha ndi mayi wa zitumbuwa uja. Anati vanetiyi amaidziwa bwino. Woyendetsa wakale, wamtali uja, ankaima pamenepo ulendo uliwonse, kutunga madzi otentha a kukasupe m'zigubu ziwiri, n'kutsuka injini ndi sopo. Anati iwo ankamuseka kuti amaisambitsa ngati mwana woyamba, ndipo ankamufunsa kuti aidzoza liti mafuta. Ba Alexander anati injini yosamba siulula matenda, ndipo woisambitsa ndi amene amatenga fungo.

Zigubu zinali za zimenezo, Ba Lewis.

Pali china chimene muyenera kudziwa. Nditafika kunyumba ndinabwerera m'mbuyo m'buku. Pa 12 Epulo ndinalemba ndi dzanja langa kuti Ba Luckson akuti injini ikutuluka thukuta, ikufunika makanika. Pansi pake ndinalemba yankho langa, kuti tidikire tikolole. Tsiku la pakhonde tsamba limenelo sindinaliwerenge. Sindinganene kuti ndinaiwala. Ndinaona kuti silikugwirizana ndi masamu anga, ndiye ndinalidumpha.

Vaneti tsopano ili bwino. Kapaipi ndi mawasha anasintha, ma injekita anakawakonza ku Lusaka n'kuwabwezera pa 13 Ogasiti, oilo anathira watsopano. Ulendo wa pa 15 unadya malita 29.

Pa 16 ndinapita ku Shikabeta ndi buku ndi kiyi. Ndinawapeza Ba Luckson akuumba njerwa. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa ngati injini ikulira bwino, ndipo nditavomera anagwedeza mutu. Koma kiyi sanaikhudze. Anati inatengedwa pamaso pa anthu khumi ndi mmodzi, ndiye singabwerere kuseri kwa nkhokwe. Anati mawu oti ndi wakuba anatuluka m'foni, koma owachotsa akhale ndi nkhope. Anatinso sangaponde pakhomo pamene ana awo akutchedwa ana a wadizilo. Dzinalo lafika kale kusukulu, ndipo wamkulu uja Rachael wajomba masiku asanu ndi limodzi mwezi uno.

Mayina a anthu khumi ndi mmodziwo ndinawalemba tsiku lomwelo. Atsala khumi. Amalume Ba Abel, monga mudziwa, tinawaika pa 30 Julayi. Anapita akudziwa kuti Ba Luckson ndi wakuba, ndipo zimenezo sizingakonzekenso.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani nokha kumapeto kwa mwezi uno, Loweruka pa 30. Musatume munthu, musaimbe foni. Ine ndidzaitana onse khumi pakhonde lomwe lija, ndipo tsamba la pa 12 Epulo ndidzaliwerenga ndekha, inu musanalankhule. Kiyi muipereke kwa Ba Luckson ndi manja anu. Pa khumiwo, awiri apitirira zaka 80, ndiye tisadikirenso kukolola.

Mundiperekere moni kwa Ba Charity ndi ana onse. Amayi akuti mubwere ndi mankhwala opaka aja. Regina sanapereke moni, ndipo sindinamukakamize.

Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino pamsewu.

Ndine mlongo wanu,
Emeliana