Mayi Timapepala Atisiya, Kope Lawo Lili m'Manja Mwina

Kwa bambo a ana, kwa ana awiri amene atsala, kwa achibale a mbali zonse ziwiri, kwa anzawo a ku ofesi, ndi kwa aliyense amene uthengawu umupeze.

Ife a Gulu la Amayi a Lachitatu, tonse khumi ndi awiri, talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wakuti mayi athu okondedwa, amene ife tinkawatcha Mayi Timapepala, mkulu wa anthu okonza za m'foni ku ofesi ija ya masitepe ambiri, atisiya atagona m'chipatala masabata atatu okha. Amene ndikuyankhula ndine wapampando. Sukulu sindinaiponde, ndiye akulemba ndi Aphunzitsi, mlembi wathu, ndipo ndawauza kuti alembe momwe zikutulukira m'kamwa mwangamu, asakongoletse.

Mpaka lero mitu yathu sikugwira. Mayiwa ndi amene ankakonza chinthu cha m'foni chokumbutsa ife nkhalamba kumwa mankhwala ndi kupita kwa dokotala. Ife a mtima wothamanga, a shuga, a mawondo olira ngati chitseko chakale, tili pano tikupuma. Iwo a zaka makumi anayi ndi zitatu apita. Amene akuzimvetsa zimenezi adzatifotokozere, ife zatikanika.

Pa uthenga ngati uwu akuti munthu amanena ntchito za malemu. Apanso pavuta, chifukwa zaka zinayi takhala tikukwera masitepe aja Lachitatu lililonse, koma ntchito ya mayiwa sitinaimvetse bwinobwino. Ankatilowetsa m'chipinda mmodzimmodzi, n'kutipatsa foni, n'kunena kuti, "Agogo, tayerekezani kuti mukufuna kudziwa tsiku lanu lopita kuchipatala." Akatero, chete. Manja pamiyendo. Iwe ukutosa apa, ukutosa apo, thukuta lili kamukamu, foni yayamba kuimba nyimbo, iwo angokuyang'ana.

Tsiku loyamba ndinalephera kupirira. Ndinati, "Mwana wanga, kodi ndi mwano kapena anakulera choncho? Wamkulu akuvutika iwe uli duu?"

Anaseka. "Agogo, ndikakuthandizani lero, mawa muli nokha kunyumba akuthandizani ndani?"

"Ndiye lembani kuti ndalephera, ndizipita."

"Simunalephere inu. Chalephera ndi chinthu chathuchi. Zikomo kwambiri, mwatithandiza."

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, ndakwatiwapo kawiri, koma palibe amene anandithokozapo chifukwa cholephera. Ndinapita kunyumba ndikuganiza kuti mwina akundinena. Mpaka lero sindidziwa ngati tinali aphunzitsi awo kapena ana a sukulu. Iwo ankati ndife aphunzitsi. Mphunzitsi wanji wosadziwa yankho?

Pansi pawo panali anthu asanu ndi mmodzi, ojambula timabatani ndi tizithunzi timene timaoneka m'fonimo. Ankawakhazika kumbuyo kwathu ndi lamulo limodzi lokha, lakuti pakamwa pakhale potseka. Awiri mwa iwo, a Ndevu ndi a Magalasi, amuna aakuluakulu a mabanja awo, anatha miyezi itatu osapatsana moni chifukwa cha batani limodzi. Uyu akuti likhale pamwamba, uyo akuti likhale pansi. Ine zoterozo ndimazikonda, ndinkalawirira kuti ndikaone mmene akudutsirana pakhomo. Bwana wina akanangomenya tebulo n'kusankha. Mayiwa ayi. Anakonzetsa mafoni awiri, n'kutiitana tonse khumi ndi awiri. Palibe amene anatosa batani lapamwamba. Palibe amene anatosa lapansi. Asanu ndi atatu tinatosa kachithunzi ka namwino kamene anangokaika pakona kuti kakongoletse, poganiza kuti namwinoyo atiyankha. A Ndevu anagwira mutu, a Magalasi anavula magalasi awo. Mayi Timapepala anangoti, "Mwaona nokha. Kadyereni limodzi nkhomaliro, mukabwere ndi namwino woyankha." Lero lino ukatosa namwinoyo amayankhuladi, amakuuza tsiku ndi ola, ndipo timamva kuti anthu ambiri osadziwa kuwerenga ngati ine akupita kuchipatala pa tsiku lake chifukwa cha iye. Awiri aja ndi amene ananyamula bokosi la malemu kutsogolo, wina kumanja wina kumanzere.

Dzina lija tinawapatsa chifukwa cha khoma la ofesi yawo. Linali lodzaza timapepala tachikasu tomata, ndipo pa kalikonse panali mawu a mmodzi wa ife. Ukatsokomola, kapepala. Ukatukwana foni, kapepala. Koma pakhomapo panalibe dzina la munthu. Aliyense anali ndi nambala yake, ndipo ngakhale a Ndevu sankadziwa kuti mawu awa ndi a gogo uti. Ife eni ake sitinkauzananso manambala. Mayiwa ankati funso lawo lalikulu si la mabatani, koma lakuti n'chifukwa chiyani munthu amasiya kumwa mankhwala pamene akudziwa kuti amuthandiza. Funso limenelo ankafunsa atatulutsa anthu onse ndi kutseka chitseko. Ndipo tinkayankha. Zimene sitinauzepo ana athu, zimene sitinauzepo ngakhale azibusa, tinauza mwana uja, chifukwa ankamvetsera osadula mawu, ndiponso analonjeza kuti dzina ndi nkhani sizidzayendera limodzi.

Malo amodzi okha amene dzina, nambala ndi nkhani zinakumana ndi m'kope lobiriwira limene ankalitsekera m'kabati. Chaka chatha kunabwera bwana wamkulu watsopano, wa nsapato zosongoka, amene ankafuna mayina athu kuti atijambule zithunzi zopachika m'misewu, pansi pake alembepo mawu athu. Bwanayo anakangana ndi mayiwa ife tili pakhonde tikumwa tiyi.

"Mayi, kabati imeneyo ndi ya kampani."

"Kabati ndi yanu, bwana. Koma amayiwa anauza ine, sanauze kampani."

Kuyambira tsiku limenelo kope lija linachoka m'kabati n'kulowa m'chikwama chawo, ndipo kumene ankapita linkapita nawo. Linapita nawo ndi kuchipatala komwe.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yatisowetsa mtendere. Aphunzitsi akuti zimenezi sizilowa mu uthenga wa chipepeso, koma wapampando ndine.

Chikwama chija chinagwera m'manja mwa achemwali aakulu a malemu. Anatsegula kope, tsamba loyamba n'kupeza mayina a akazi khumi ndi awiri, kumene amakhala, manambala a foni, ndi masiku. Titabwerako koika maliro, anthu tili pabwalo masana dzuwa likuswa mtengo, tinangomva mawu a achemwali akwera.

"Mng'ono wanga sanafe ndi matenda okha, wafa ndi mtima. Akazi khumi ndi awiri, alamu. Anawalemba onse mmodzimmodzi, ndi masiku omwe. Lachitatu, Lachitatu, Lachitatu."

Bambo a ana, amene ndi makaniko, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko, anati, "Alamu, ine Lachitatu ndimakhala pansi pa galimoto za anthu mpaka dzuwa kulowa."

"Galimoto zake ndi zimenezi, zili ndi mayina ndi manambala a foni?"

Ndisaname pa maliro a munthu wabwino. Nkhaniyo inanditsekemera. Ndinasendeza mpando, ndinatsina mnzanga, ndinati, "Mwamva? Ofatsawa ndiye oopsa." Tonse khumi ndi awiri tinabwerera kwathu tikupukusa mitu, tikuwerengetsa kuti mwamuna woonda ngati uja mphamvu anazitenga kuti. Ine ndinafika pouza anthu a mumsewu wathu. Mawa lake m'mawa ndi pamene a Ndevu anabwera kwathu maso ali gwa, n'kunena kuti, "Agogo, akazi khumi ndi awiri aja ndinu."

Ndinakhala pansi. Ine, wa mano anayi m'kamwa, chibwenzi cha makaniko.

A Ndevu anapita kwa achemwali kukafotokoza. Anawathamangitsa, akuti ndiwo ankanyamula mauthenga. A Magalasi anapitako atavala tayi. Anawafunsa kuti ngati kopelo ndi la ntchito, linkafuna chiyani m'chikwama pamodzi ndi mankhwala ndi zovala zamkati, bwanji silinali ku ofesi. Nawonso anabwerako chimanjamanja. Bwana wa nsapato zosongoka akuti nkhaniyi akuiyang'ana. Akuiyang'anabe. Chimene chatipulumutsa mpaka pano n'chakuti malemu ankalemba timalemba ting'onoting'ono ngati nyerere, ndipo achemwali maso awo athera pa tsamba loyamba. Koma alengeza kuti Loweruka likubwerali, mabanja onse awiri akakumana, amalume a malemu adzawerenga kope lonse mokweza, dzina ndi nkhani yake, kuti aliyense amve zimene mng'ono wawo anafa nazo.

Achemwali, tsopano ndikuyankhula ndi inu. Sindikukunyozani. Tinamva kuti masabata atatu onse munagona pansi pambali pa bedi, ndinu munkawasambitsa, ndinu munawatseka maso. Munthu wotero amafuna wina woti amuloze chala, chifukwa matenda sungawatukwane, samva. Ine mikangano ya pabanja ndi ndiwo zanga. Ndinayambanitsapo apongozi anga ndi azilamu awo mpaka anagawana mbale, ndipo sindinalape. Uwu ukanakhala wa zibwenzi zenizeni, Loweruka ndikanabwera ndi mpando wanga. Koma m'kopemo mulibe chibwenzi. Muli nkhalamba khumi ndi ziwiri ndi matenda awo.

M'kopemo muli Nambala Naini. Sindimudziwa kuti ndani mwa ife, ndipo sindifuna kumudziwa. Anangolowetsa kakalata kopanda dzina pansi pa chitseko cha Aphunzitsi. Akuti ali ndi nthenda imene ana ake sakuidziwa, adokotala anamuuza kuti masiku si ambiri, ndipo akufuna adzawauze yekha, ndi pakamwa pake, pa tsiku limene wasankha. Akuti ena mwa amene adzakhale pa msonkhano wanu amadziwana ndi ana akewo. Dzulo tinakumana tonse, aliyense akuyang'ana pansi, kuopa kuti akayang'ana mnzake m'maso amudziwa. Ngati amalume atsegula pakamwa Loweruka, ana amenewo adzamva za imfa ya mayi awo kwa anthu odutsa mumsewu.

Mwina mukuti gogo uyu wagulidwa ndi alamu anu. Chabwino. Umboni ndikupatsani, ndipo ndi wanga, sindibwereka wa munthu. Ine ndine Nambala Folo. Pezani munthu mmodzi wa maso abwino, atsegule tsamba la Folo lokha, akuwerengereni inu nokha. Mupeza kuti timapilitsi toyera ta m'mawa sindimwa, ndimatikwirira m'chitini cha maluwa pakhonde, chifukwa mpongozi wanga amandipatsa ataima, nkhope ili kumbali, ngati akuwazira nkhuku. Mupeza kuti ndinanena kuti mwana wanga anakwatira mkazi wa mawu ngati wailesi yosathima. Mupezanso china chimene ndinanena chitseko chili chotseka, ndipo ndinkati ndidzapita nacho kumanda. Tsiku limene ndinagwa kubafa, mwana wanga wobereka ndekha anaima pakhomo akuimba mafoni, koma amene anandibereka kumsana mpaka kumsewu ndi mpongozi yemweyo. Sindinamuthokozepo. Ndimamuyamba dala tsiku lililonse kuti ndione ngati watopa nane, chifukwa chimene ndimaopa kuposa imfa ndi tsiku limene adzasiye kundiyankha.

Uthengawu uwerengedwa poyera, ndiye mpongozi wanga amva zonsezi, za chitini zomwe. Ndikakumana nazo kunyumba, ndi zanga zimenezo. Koma inu achemwali, mukazipeza pa tsamba la Folo monga ndanenera, mudziwe kuti mng'ono wanu sankalemba adani ake. Ankasunga zimene tinamusungitsa, ndipo anazisunga mpaka pa bedi lomaliza. Mukatero mulitseke kopelo, musapite pa tsamba lina.

Kwa inu bambo a ana, pepani kawiri. Mwataya mkazi, ndipo sabata yomweyo mwapatsidwa akazi khumi ndi awiri amene simunawafunsire, wamng'ono mwa iwo wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu. Pepaninso pa zimene ndinafalitsa mumsewu wathu, ndayamba kale kuyenda khomo ndi khomo kuzibweza, ngakhale anthu sakufuna kuzibweza chifukwa zoyamba zija zinali zokoma. Kwa ana, mayi anu anali munthu amene nkhalamba zinkamuvalira zovala zabwino pokamuona. Kwa a ku ofesi, sitikudziwa ngati Lachitatu tizibwerabe, palibe watiuza, ndipo sitikudziwa kuti tifunse ndani.

M'malo mwa amayi onse a gulu lathu, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa mabanja onse awiri, ndipo tikupempha Mulungu kuti akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa, akugwirizanitseni pamene mwasiyana, ndi kuti mzimu wa mayi athu uuse mumtendere.

Loweruka m'mawa, msonkhano usanayambe, ndidzafika pakhomo panu achemwali, ine ndi Aphunzitsi. Sitidzalowa, sitidzakangana ndi munthu. Tidzaima pageti mpaka mutatuluka nalo kopelo.

Ine,
Nambala Folo,
Wapampando wa Gulu la Amayi a Lachitatu