Mkamwini pa Nsalu ya Chiliza

Lolemba, 14 Julaye

Lembani bwino, mayi a Fabiano, musathamange. Tiyambe ndi ana.

Ine Everson, amene ndinatchola tiyi pa esiteti kuyambira unyamata mpaka msana utakana dengu, ndili ndi ana anayi. Fabiano, woyamba, amayendetsa thirakitala yonyamula masamba kupita ku fakitale, ndipo sanagwetsepo ngolo ngakhale m'matope a Januwale. Teleza ndi namwino. Anthu a ku Chimaliro amamutcha adokotala, ine sindiwakonza. Benard amaphunzitsa Sitandade 7 ku Khwethemule. Womaliza ndi Tisungane, ndipo ameneyu amajambula. Anayamba ndi makala pa khoma la nyumba ya antchito ya kumalaini a esiteti, ine n'kumamukalipira, koma lero anthu amamulipira kuti awajambulire zikwangwani ku Limbe.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 2. Kuwerenga ndimatha pang'onopang'ono, kulemba kumanditopetsa, n'chifukwa chake akundilembera ndi akazi anga. Tapangana kuti alemba zimene ndanena, osachotsa, osawonjezera, ndipo sauza munthu.

Tisungane wabwera ndi ntchito. Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza cha apongozi anga, amayi awo a alembi angawa, ndipo mbumba yagwirizana kuti pakhale nsalu yakeyake yoti onse adzavale. Wojambula nsaluyo ndi mwana wanga. Koma sakujambula pa pepala. Wagula tabuleti, chinthu chonga foni yaikulu, ndi cholembera chopanda inki. Akuti mapulogalamu ojambulira alipo ambirimbiri, iye wasefa atsala atatu, ndipo ayenera kusankha imodzi msanga chifukwa osindikiza nsalu akufuna chithunzi Lolemba likudzali. Mayina ake ndi achizungu. Ine ndikuwatchula ndi mitundu ya tizizindikiro take: yobiriwira, yofiira, yakuda.

Lachiwiri, 15 Julaye

Kunabwera a Dixon, alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Ndiwo eni mbumba. Pa esiteti anali kalaliki wa pa sikelo. Ine ndikutchola pa dzuwa, iwo ali pansi pa mtengo, cholembera kukhutu, kudikira kuyeza dengu langa.

Anakhala pa khonde n'kuyamba kumuuza Tisungane zokhala pa nsalu. Nkhope ya malemu pakati. Pansi pake iwowo a Dixon, kenako alongo awo, kenako mayina a adzukulu onse. Ndinadikira kuti amalize, ndiye ndinafunsa mwaulemu kuti nanga ife amene tinabereka adzukuluwo tikhala pati.

Anaseka. "Alamu, nsaluyi ndi ya bele lino. Tikaikapo mkamwini, mawa ukwati n'kutha, tidzamudula ndi sizasi?"

Onse anaseka. Lembani kuti nanunso munaseka. Ayi, lembani.

Mwambo ndikuudziwa, palibe wondiphunzitsa. Ana ndi a kuchikazi, ine ndinabwera pamudzi pano ndi bulangete ndi khasu. Koma ukwati umene wafika pa adzukulu ndi wotchulira sizasi? Tisungane sanaseke kwambiri. Anangoti, chabwino amalume.

Lachitatu, 16 Julaye

Tisungane wayamba kuyesa. Kuti aone pulogalamu yabwino akuti ayenera kujambula nkhope imodzimodzi mu iliyonse, ndipo nkhope yake ndi ya a Dixon. Abwera atavala jekete la ku tchalitchi, akhala pa mpando wanga, pa khonde langa, chibwano m'mwamba. Mwana wanga akuwayang'ana, kuyang'ana galasi, kuwayang'ananso. Ine chibadwire chake sanandiyang'anepo nthawi yaitali choncho.

Lero inali yobiriwira. Ndi yaulere, koma ulere wake ndi wa phokoso. Ali pakati pojambula khutu, pamatulukira anthu otsatsa nsapato. Komanso akatsamiritsa dzanja pa galasi, mphepete ya dzanjalo imasiya madontho, ngati nkhuku yaponda pa ufa. Iye anazolowera kutsamira pa pepala, ndiye ankangodandaula.

Popita kukatenga madzi akumwa anandipatsa tabuleti kuti ndigwire. Chala changa chachikulu chinakhudza galasi, n'kusiya mzere wakuda wodutsa pakamwa pa a Dixon mpaka kukhutu. Sindinachite dala.

Alembi akundiyang'ana. Chabwino. Chalacho chinkadziwa kumene chikupita.

Tisungane atabwera anangogogoda ndi zala ziwiri, mzere uja n'kusowa, a Dixon n'kubwerera akumwetulira monga kale. Munthu ameneyu safufutika. Yobiriwira waichotsa, akuti singagwire ntchito.

Lachinayi, 17 Julaye

Yofiira. Iyi a Dixon aikonda chifukwa yawasalalitsa masaya, akuoneka ngati a pa kalendala. Ili ndi maburashi ambiri, ena onga choko, ena onga penti wamadzi. Vuto lake imafuna netiweki, ndiponso imafuna kulipira mwezi ndi mwezi. Kwathu kuno netiweki imapezeka kumtunda, pa mabulugamu a m'malire a esiteti, basi.

Tisungane atatchula zolipirazo, a Dixon anadzigunda pa thumba la jekete. Akuti mwana wa mlongo wawo sangavutike iwo alipo, azilipira ndi iwo. Mwana wanga anagwada pang'ono n'kuthokoza. Ine ndili pomwepo, ndikusenda nandolo ngati mlendo.

Kenako anatengana kukwera mtunda kukasaka netiweki. Ndinawaona kuchokera pa khonde, akudutsa m'mphepete mwa munda umene adulira kumene, iwo kutsogolo ndi ndodo, iye pambuyo atakumbatira tabuleti, akuseka. Ndani anamugulira makrayoni oyamba? Ndinayenda wapansi kupita ku boma ndi kubwerako kuti ya minibasi ikwanire makrayoniwo. Nthawi imeneyo amalume ake ankati zojambula ndi masewera a ana aulesi. Lero masewera aja abala, afika ndi jekete.

Akasankha yofiira, mwezi uliwonse azipita kukagwada kwa a Dixon. Ndicho chikundiwawa. Lembani kuti a Dixon ndi munthu wokolola pamene sanalime, ndiponso kuti

Lachisanu, 18 Julaye

Alembi akana. Akuti ndanyoza achimwene awo. Ndalemba ndekha. Chiperoni tsiku lonse. Dzanja likuwawa.

Loweruka, 19 Julaye

Tagwirizananso. Ine ndalonjeza kusatchula mawu aja, iwo avomera kulemba zotsalazo. Ndinenanso za dzulo, chifukwa zinachuluka kuposa dzanja langa.

Chiperoni chinatseka mapiri, ndipo ngakhale pa mabulugamu netiweki kunalibe. Tisungane anakwera mtunda n'kubwerako atanyowa, yofiira itakana kutseguka. A Dixon sanabwere, akuti chifuwa. Ndiye mwana anakhala pafupi ndi mbaula n'kutsegula yakuda, imene sifuna netiweki.

Anandiitana yekha kuti ndidzaone. Mu yakudayi chithunzi chimakhala ngati mapepala oonekera osanjikizana. Agogo ali pa pepala lawo, maluwa pa lawo, a Dixon pa lawo. Pambali pa pepala lililonse pali kadiso. Anakhudza kadiso ka a Dixon, a Dixon n'kuzimiririka, nsalu n'kutsala yoyera bwinobwino. Anakhudzanso, n'kubwerera. Ndinamupempha kuti achitenso. Anachita. Ndinamupemphanso. Anandiyang'ana cham'mbali n'kunena kuti ababa, mukudziwa kuti ndikukuonani.

Lero m'mawa anati sanakhutirebe. Akuti chachikulu pa pulogalamu n'chakuti izimva kulemera kwa dzanja: ukasindikiza cholembera mzere unenepe, ukapepuza uwonde ngati tsitsi. Nkhope ya amalume ndi yosalala, pulogalamu iliyonse ingathe kuijambula, siyesa kanthu. Akufuna chinthu chovuta.

"Ababa, tabwerekeni manja anuwo."

Ndinawabisa m'khwapa. Manja anga si oonetsa anthu. Zala zinada ndi madzi a masamba, sopo analephera kalekale. Muli ming'alu, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chakumanja chinang'ambika pakati, sichinalumikizanenso. Ndinamuuza kuti akajambule a amalume ake, ndi ofewa ngati mkate.

"Ofewawo ndiye sindikuwafuna. Tabweretsani."

Anathyola nsonga ya tiyi pa tchire la kuseri kwa nyumba, masamba awiri ndi kamphukira, n'kundipanitsa pakati pa zala monga timachitira potchola. Ndinakhala choncho mpaka mkono unachita dzanzi. Cholembera chake chinkangoyenda. Ndinasuzumira. Pa ming'alu ikuluikulu ankasindikiza, mzere n'kuda. Pa timakwinya ankangokhudza. Dzanja lake analitsamiritsa pa galasi momasuka, popanda dontho.

Anafunsa kuti chikhadabocho chinatani. Ndinamuuza za mpeni wodulira tiyi, chaka chimene iye anabadwa, m'nyengo ngati ino. Akuti sankadziwa. Anayang'ana chalacho nthawi yaitali, kuposa momwe anayang'anira chibwano cha a Dixon. Lembani zimenezo.

Pomaliza anati wasankha yakuda. Ndinafunsa ngati manjawo alowe pa nsalu. Anali atayamba kale kutsegula pepala la agogo, ndipo anayankha osadzutsa mutu kuti zimenezo zinali zoyesera.

Zoyesera. Ndiye kuti a Dixon ndi chithunzi, ine ndine kansanza kopukutira burashi.

Lamulungu, 20 Julaye

Potuluka mu tchalitchi a Dixon amauza aliyense kuti adzawaona pa nsalu. Chifuwa chatha. Atamva kuti yofiira yasiyidwa anangoti ana a masiku ano safuna kuthandizidwa.

Tisungane wadzitsekera m'chipinda tsiku lonse ndi cholembera chake. Chakudya amulowetsera ndi amayi ake. Ine sindinagogode.

Lolemba, 21 Julaye

Musathamange, lero ndiye ndikufuna mawu aliwonse akhale pamalo pake.

M'mawa, asananyamuke kupita ku Limbe, Tisungane anaitana mbumba kuti ione chithunzi chomaliza. Anabwera a Dixon, alongo awo, ndi ena apafupi. Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, malo a mkamwini.

Pakati pali apongozi anga, duku lawo lija, ngati alankhula. Pansi pawo a Dixon, masaya osalala pang'ono kuposa enieni. Mayina a adzukulu. Zonse monga analamulira. Koma m'mphepete, kuzungulira nsalu yonse, muli dzanja logwira masamba awiri ndi kamphukira. Likatha, lina layamba, likatha, lina, mpaka kukumana. Ming'alu yonse ilipo. Chikhadabo chong'ambika chilipo.

A Dixon anavala magalasi, n'kuyandikitsa nkhope. Ndinati basi, sizasi ija yafika. Koma anavula magalasiwo n'kupukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

"Manja a mayi athu awa," anatero. "Anatilera ndi dengu mayi aja. Iwe mwana, unawakumbukira bwanji chonchi?"

Alongo awo anayamba kulira, akuti n'zoona, ndi omwewo. Apongozi anga anatcholadi tiyi zaka zambiri, zimenezo si bodza. Tisungane anadzutsa maso n'kuyang'ana kuchitseko, kwa ine.

A Dixon awa dengu langa analilandira tsiku ndi tsiku pa sikelo, kuchokera m'manja omwewa, ndipo sanawaonepo. Ndinafuna kutambasula chala pamaso pake, onse aone. Koma akudziwa kulamula a Dixon, ndipo kadiso kaja ndakaona momwe kamagwirira ntchito. Ndinalowetsa manja m'matumba.

Anatembenukira kwa ine, maso ali ofiira. "Alamu, mukuliona luso la mbumba yathu?"

Ndinati ndikuliona.

Kenako analamula kuti manjawo awakulitse pang'ono, anthu adzawaone ali patali. Tisungane anati chabwino amalume, n'kuwakoka ndi zala ziwiri pomwepo, n'kukula.

Ndinamuperekeza ku msewu, nditamunyamulira chikwama. Tili pakati pa minda anati iye sananene kuti manjawo ndi a agogo, ndipo ndikafuna abwerera akawauze amalume zoona. Anatinso Loweruka lija anati zoyesera chifukwa akanandiuza ndikanalengeza ku tchalitchi nsalu isanasindikizidwe. Amandidziwa mwanayu. Ndinamuuza kuti athamangire minibasi, osindikiza sadikira.

Alembi aika cholembera pansi. Agwira chala changa, akuchitembenuza. Akuti iwo anachizindikira pomwepo, ndipo analira nawo achemwali awo chifukwa zinawavuta kuti achite chiyani. Ndawafunsa ngati adzawauza achimwene awo. Akuti tinapangana kuti za m'buku lino sauza munthu.

A Dixon akuti nsalu yawo asoketsa malaya, mphepete ikhale pa kolala ndi pa thumba. Adzandivala tsiku lonse.

Tengani cholembera, mayi a Fabiano. Lembani zikuluzikulu, ndipo mawa muwaimbire Fabiano, Teleza ndi Benard kuti apemphe tchuthi msanga. Chiliza tidzavundukula Loweruka, pa 16 Ogasiti.